Kuthandiza wachinyamata wosunga zinsinsi ziwiri kuti asasiye ma ARV

Mankhwala a kachirombo ka HIV masiku ano savuta kumwa. Kuchokera mu 2019, anthu ambiri m'Malawi muno amamwa piritsi limodzi patsiku, lija la TLD limene kukiliniki amalilemba kuti 13A, ndipo salipira kanthu. Amene akumwa mwandondomeko amapatsidwa a miyezi itatu, ena mpaka isanu ndi umodzi, n'kumakakhala kwawo. Koma funsani aliyense amene wagwirapo ntchito ndi anyamata ogonana ndi amuna anzawo, kapena ndi achinyamata amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi. Akuuzani kuti ena amayamba bwinobwino, ikangopita miyezi ingapo osaonekanso.

Chimawasowetsa n'chiyani? Wachinyamata wotere amasunga zinsinsi ziwiri zomangana. Botolo la mankhwala likapezeka m'chikwama, funso loyamba la kunyumba limakhala lakuti "unakatenga kuti kachiromboka?", ndipo yankho lake ndi chinsinsi chachiwiri chija, chimene chingamuthamangitse pakhomo, kumuchotsetsa m'kwaya, mwinanso kumufikitsa kupolisi. Malamulo a milandu, gawo 153, amaika chilango cha zaka mpaka 14 kundende pa kugonana kumene amati n'kosemphana ndi chilengedwe, gawo 156 limakhudza amuna, gawo 137A limakhudza akazi, ndipo mu June 2024 khoti lounika malamulo oyendetsera dziko linakana kuwachotsa. Mwana wazaka 19 akayerekeza botolo ndi denga logona, amataya botolo m'chimbudzi.

Komabe palibe lamulo loletsa munthu wotere kulandira chithandizo. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo komanso kuulula za magazi ake iye asanavomere, ndipo ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo ndi National AIDS Commission zimawatchula anthuwa mwachindunji ngati gulu loyenera kulifikira. Choncho pomuthandiza kumwa mankhwala simukulakwira lamulo.

Malangizowa ndi a inu amene wachinyamatayo wakuululirani: achemwali, amalume, azakhali, mnzake wapamtima, namwino, mlangizi wa zaumoyo. Simukufunika kumaliza kaye kulimbana ndi zimene mpingo wanu umaphunzitsa. Zimenezo zikhoza kukutengerani zaka, pamene piritsi likufunika mawa m'mawa.

1. Gwirizanani za amene akudziwa chiyani

Musanakambe za mankhwala, kambani za pakamwa panu. Mufunseni: "Kupatula ine, ndani wina akudziwa za kachiromboka? Nanga za moyo wako winawo?" Nthawi zambiri mayankho amakhala osiyana. Amayi ake akhoza kudziwa za kachirombo koma osadziwa kuti ali ndi chibwenzi chachimuna. Anzake akhoza kudziwa za chibwenzicho koma osadziwa kuti amamwa mankhwala, chifukwa pakati pa anzakewo nkhani imathamanga, ndipo amene wadziwika kuti ali ndi kachirombo amasalidwa komwekonso. Sungani m'mutu mndandanda uwiriwu ndipo musausakanize.

Muuzeni momveka kuti simuuza munthu, ngakhale mwamuna wanu, abusa kapena gulu la mapemphero. Kupereka dzina la mwana ngati "chopempherera" pa mapemphero a amayi a Lachinayi ndiko kuulula kumene, ngakhale mtima wanu uli wabwino. Musamukakamizenso kuulula kwa makolo. Kuulula kuli ndi nthawi yake, makamaka akakhala ndi kogona kwina ngati zinthu zitavuta.

Pali chinthu chimodzi chimene simungalonjeze kusunga. Ngati ali ndi zaka zosakwana 18 ndipo amene akugona naye ndi munthu wamkulu womupatsa ndalama kapena womuopseza, imeneyo ndi nkhanza kwa mwana, chimodzimodzi akanakhala mtsikana. Muuzeni kuti mufuna thandizo, ndipo musankhe naye limodzi kopita. Nambala yaulere ya 116 ndi ya nkhani za ana.

2. Dziwani pamene wafika, osamuzenga mlandu

Funso lakuti "ukumwa mankhwala?" lili ndi yankho limodzi lokha, "eya", kaya akumwa kaya sakumwa. Funsani mwina: "Sabata yathayi ndi masiku ati amene zinakuvuta kumwa?" Funso lotere likuvomereza kale kuti kudumphitsa kumachitika, ndipo likufuna kudziwa tsiku ndi chifukwa. Mukamva kuti ndi Loweruka ndi Lamlungu, mwadziwa kuti nkhani ndi kugona kunja kapena mowa. Mukamva kuti ndi masiku amene msuweni wake anabwera kudzagona m'chipinda mwake, nkhani ndi pobisa botolo.

Pemphani kuona buku lake la kuchipatala, ngati akulola. Onani zinthu zitatu: nambala yake ya ARV, tsiku lokatenganso mankhwala, ndi zotsatira zomaliza za vayilo lodi, kuyeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Jambulani tsambalo kapena lembani nambalayo pamalo anu. Idzagwira ntchito tsiku lina loipa.

3. Sankhani kiliniki imene angapirire kupitako zaka zambiri

Apa mpamene ambiri amagwera, choncho musathamange. Kiliniki yapafupi siikhala yabwino nthawi zonse. Ngati mlembi wa pakiliniki ya m'dera ndi wa mpingo umodzi ndi amayi ake, kapena oyendetsa kabaza a pageti amamudziwa ndi dzina, adzapitako kawiri n'kusiya. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma ndi za mishoni za CHAM, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha kolandirira. Ena amakonda malo akuluakulu ngati Lighthouse ku Kamuzu Central, Martin Preuss ku Bwaila kapena Umodzi ku Queens, chifukwa pagulu la anthu mazana palibe amene amakuyang'ana kawiri. Ena amakonda kachipatala kakang'ono ka mbali ina ya tawuni komwe kuli namwino mmodzi wodziwika kuti safunsa zambiri. Werengerani ndi thiransipoti yomwe: kiliniki yakutali imabisa, koma tsiku limene m'thumba mulibe kanthu imasanduka chifukwa chojombera.

Namwino wabwinoyo mumupeza bwanji? Funsani achinyamata anzake amene akulandira kale. Bungwe la CEDEP lakhala likugwira ntchito ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo kwa zaka zambiri, ndipo alangizi ake achinyamata amadziwa chitseko choyenera kugogoda m'maboma angapo. Ku Blantyre kulinso Nyasa Rainbow Alliance. Kungoti kuchokera mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, malo ambiri apadera amene anthuwa ankalandirirako chithandizo mwakachetechete anatsekedwa kapena kuchepetsa ntchito. Mankhwala enieniwo sanathe m'zipatala za boma, poti ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund. Ngati wachinyamata wanu ankalandirira pamalo otere ndipo anangosiya atapeza loko pachitseko, ntchito yanu yoyamba ndi kumuperekeza kuchipatala cha boma ndi buku lake. Musadikire kuti malo aja atsegulidwenso.

Ulendo woyamba mupite naye. Kuchipatala amazolowera kuti wodwala amabwera ndi gadiyani, choncho palibe amene angadabwe. Kukhalapo kwanu kumasintha zinthu: wogwira ntchito amene akananyogodola mnyamata woyenda monyang'wa amaugwira mtima akaona mayi wachikulire ali pambali pake. Musanalowe, konzekerani naye zinthu izi.

Sakukakamizidwa kufotokoza amene amagona naye kuti alandire ma ARV. Koma akakhala ndi vuto kumalo obisika, anene pamene pakupweteka, apo ayi apatsidwa mankhwala olakwika. Chinzonono, chindoko ndi njerewere zimagwiranso kotulukira chimbudzi ndi kukhosi. Akhoza kungoti, "Adokotala, ndikumva kuwawa kumbuyoku ndipo kukutuluka mafinya," basi. Akafunsidwa mwachipongwe, ayankhe kuti, "Ndabwera kudzalandira chithandizo." Anyamata ambiri amapirira zilonda miyezi chifukwa choopa funso limodzi, kenako amadana ndi chipatala chonse, ndi ma ARV omwe.

Kwa amene amavala ndi kukhala ngati mkazi koma buku lake lili ndi dzina lachimuna, nthawi yowawa kwambiri ndi yoitanidwa dzina pamzere, anthu onse n'kutembenuka. Pemphani namwino mwaulemu kuti aziitana ndi nambala kapena dzina la bambo lokha. Ndi pempho laling'ono, ndipo ambiri amalola akapemphedwa pambali, osati pagulu. Inunso muzimutchula dzina limene iye amafuna mukakhala awiri; zimenezi zimamuuza ngati muli naye kapena mukungomupirira.

Akamalemba za kalondolondo, amafunsa ngati angamuimbire foni kapena kumuyendera kunyumba akajomba. Aganize bwino asanavomere. Mlangizi wobwera panjinga n'kufunsa kwa anansi kuti "kwa auje ndi pati?" akhoza kuphwasula zonse tsiku limodzi. Perekani nambala yanu m'malo mwake, ndipo alembe kuti kunyumba asabwere.

Wina akamunyoza kapena kuulula nkhani yake, pali kodandaula: ofesi ya ombudsman wa pachipatala, imene ili m'zipatala za maboma ndi zikuluzikulu, Nurses and Midwives Council, Medical Council, ndi Malawi Human Rights Commission. Koma kudandaula n'kosankha iyeyo, poti ndiye amene dzina lake lidzamveke. Maganizo anga ndi akuti muyambe mwamusamutsa, mankhwala asaduke, nkhani ya dandaulo ibwere pambuyo.

4. Pezani nthawi ndi pobisa

Nthawi yabwino yomwera ndi imene amakhala yekha tsiku lililonse, Loweruka lomwe. Kwa ambiri ndi m'mawa popita kosamba. M'mawa mulinso ubwino wina: dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD, amasowetsa tulo anthu ena akamwedwa usiku. Ndiponso madzulo ndi nthawi imene wachinyamata sadziwa kuti akhala kuti.

Piritsili limamwedwa kaya wadya kaya sanadye. Nenani zimenezi mobwereza, chifukwa chikhulupiriro chakuti "mankhwalawa ndi amphamvu, pamimba popanda kanthu akupha" chimadumphitsa anthu ambiri masiku a njala, ndipo mwana wothamangitsidwa kwawo masiku a njala amamuchulukira.

Alamu ya pafoni ithandiza, koma isalembedwe kuti "mankhwala". Alembe "pemphero la m'mawa" kapena dzina la timu ya mpira. Mauthenga anu a pa WhatsApp akhalenso otero. Gwirizanani mawu anuanu, monga "wathirira maluwa?", iye n'kuyankha ndi chala chokweza. Mafoni a achinyamata amabwerekedwa, amabedwa, ndipo chibwenzi chansanje chimawafufuza. Masabata oyamba mufunseni tsiku ndi tsiku. Akazolowera chepetsani, chifukwa palibe wazaka 20 amene amafuna kulondedwa mpaka kalekale.

Za pobisa, botolo limalira m'chikwama, ndipo kulirako amakudziwa anthu ambiri. Thonje loyera pang'ono pamwamba pa mapiritsi limaletsa phokoso. Kathumba kamene kamakhala m'botolomo ndi koyamwa chinyezi, asakataye. Mapiritsiwa sagwirizana ndi chinyezi ndi kutentha, choncho kudenga kwa malata, kubafa kapena m'thumba la buluku la tsiku lonse si malo ake. Ngati kunyumba kulibiretu pobisa, botolo lalikulu likhale kwa inu, iye azitenga a sabata imodzi m'kabotolo kouma kotseka bwino. Azikhalanso ndi awiri kapena atatu m'chikwama cha m'manja, a usiku umene sanakonzekere kugona kunja.

Kusukulu yogonera komweko ndi kuhositelo ndiye kovuta zedi: chipinda cha anthu asanu ndi atatu, masutikesi osakhoma, ndi kusecha kwa aphunzitsi. Pezani munthu wamkulu mmodzi pasukulupo, matroni kapena namwino, amene angasunge botolo. Iyeyo angodziwa za kachirombo, zinazo n'zosamukhudza. Amene sanafike zaka 20 akhoza kulowa Teen Club, magulu a achinyamata omwe ali ndi kachirombo amene anayambitsidwa ndi Baylor ndipo amakumana Loweruka m'zipatala zambiri, kotero sajomba kusukulu. Ena amasangalalako, ena amaona kuti nkhani zonse ndi za "chibwenzi chako chachikazi" ndipo amakhala ngati mlendo. Akakana kubwererako musamuumirize.

Akaiwala kumwa, lamulo lake n'losavuta: ngati sipanadutse maola 12, amwe pomwepo, ngati adutsa, adikire nthawi yake ya mawa. Asamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza.

5. Kambani za zinthu zimene zimasiyitsa anthu, zisanafike

Mowa poyamba. Achinyamata ambiri amakhulupirira kuti mowa ndi ma ARV zikakumana m'mimba zimasanduka poizoni, ndiye Lachisanu amasiya dala piritsi kuti akamwe bwino, n'kudzayambanso Lolemba. Muuzeni zoona: mowa wambiri umawononga chiwindi ndipo umaiwalitsa, koma kudumphitsa piritsi chifukwa choti amwa mowa ndiko koopsa kwambiri. Amwe piritsi lake m'mawa, tsiku la mowa lomwe. Mukayamba ndi ulaliki woletsa mowa, adzasiya kukuuzani zoona, mowawo osasiya.

Kenako mahomoni. Amene akufuna thupi lawo lisinthe kukhala lachikazi nthawi zina amagula mapiritsi olera kapena mahomoni ena mwamseri, ndipo pakati pawo pamayenda mphekesera yakuti ma ARV amafooketsa mahomoniwo. Akauzidwa kuti asankhe, ambiri amasankha mahomoni, chifukwa kusintha kwa thupi amakuona pagalasi pamene kachirombo sakaona. Musamuike posankha. TLD sadziwika kuti amalepheretsa mahomoni achikazi kugwira ntchito. Mankhwala akale aja okhala ndi efavirenz ndi amene ankatha kuwachepetsa mphamvu. Choopsa chenicheni chili pa kumwa mapiritsi olera ambirimbiri opanda dokotala, chifukwa amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya. Mulimbikitseni kuti auze dokotala amene amamukhulupirira zonse zimene akumwa. Mwendo ukatupa mbali imodzi kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi, athamangire kuchipatala.

Pali mankhwala wamba amene amalimbana ndi dolutegravir m'mimba: a chilungulira aja oyera otafuna kapena amadzi, mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, ndi a kashiamu, kuphatikizapo mavitamini ena amene anyamata onyamula zitsulo amakonda. Amwe TLD maola awiri asanamwe zimenezi, kapena maola asanu ndi limodzi atamwa. Akapezeka ndi TB, mankhwala ake amafuna kuti awonjezeredwe kapiritsi kena ka dolutegravir madzulo, choncho mbali zonse ziwiri zidziwe zimene akumwa. Bactrim ndi mankhwala oteteza TB akapatsidwa, nawonso ndi a ndondomeko yomweyo.

Mutu, nseru ndi kusowa tulo zimabwera masabata oyamba ndipo kawirikawiri zimatha zokha. Kunenepa kumachitika kwa ena, ndipo kwa wachinyamata wosamala za maonekedwe si nkhani yoseketsa. Amene wayamba kudandaula za mimba mumumvetsere, akakambe ndi dokotala asanaganize zosiya yekha.

Chomaliza ndi mapemphero. Banja likatulukira chinsinsi chimodzi kapena zonse ziwiri, kawirikawiri limathamangira kwa mneneri kuti "amuchotse chiwanda", ndipo kumeneko ena amauzidwa kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Pali msampha wina: amene wamwa bwino mankhwala nthawi yaitali, vayilo lodi yake imabwera yosaoneka, ndipo wina amati "taonani, wachira". Sanachire. Tizirombo tagona chifukwa cha mankhwalawo, ndipo akasiya timadzuka m'masabata ochepa. Lamulo la 2018 lija limaletsa kulengeza zabodza zoti munthu akuchiza kachirombo. Simungaletse banja kupemphera, koma mukhoza kuima pa mfundo imodzi: kulikonse kumene amutengere, kaya kuphiri kaya kosala kudya, piritsi lipite nawo.

6. Tsiku lokatenga mankhwala likhale lanunso

Lilembeni pakalendala yanu, ndipo mumukumbutse kutatsala sabata, osati dzulo lake. Ndalama ya minibasi ya tsikulo isungidwe padera. Ngati mukumutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani m'mawa wa tsiku lomwelo. Konzani naye chonena kuntchito kapena kunyumba. Ngati sangathe kupita, gadiyani wolembedwa akhoza kukamutengera atanyamula buku lake, ngakhale kuti masiku oyeza magazi ayenera kufika yekha.

7. Mupatseni chifukwa chomwera chimene chili chake

"Ukapanda kumwa ufa" sagwira mtima wa munthu wazaka 18 amene akudzimva wamphamvu, ndipo kwa amene anauzidwa kuti moyo wake ndi tchimo mawuwa sawopsa n'komwe. Chimene chimagwira ndi vayilo lodi, kuyeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Amayeza pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Munthu amene tizirombo take tatsika pansi pa 200 ndipo akupitiriza kumwa sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Kafukufuku wa PARTNER2 ku Ulaya, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anatsata mabanja a amuna okhaokha amene mmodzi anali ndi kachirombo koma akumwa mankhwala. Anagonana opanda kondomu maulendo oposa 76,000 ndipo palibe amene anatenga kachirombo kwa mnzakeyo. Kuno uthengawu umadziwika kuti T=T, Tizirombo Tochepa = Thanzi.

Kwa mnyamata amene wakhala akudziona ngati chiopsezo kwa aliyense womukonda, nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene inu mungaganizire. Muuzeni pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zabwino zikabwera musangalale naye, ngakhale ndi chipisi cha pachiwaya. Zotsatira zikachedwa, akazifunse. Zimatha kukhala mufayilo osauzidwa. Zikabwera zopitirira 1,000, si mlandu. Amapatsidwa uphungu wapadera n'kuyezedwanso pakatha miyezi itatu, ndipo ambiri zimatsika akangokonza kamwedwe.

Makondomu ndi mafuta oterera amadzi akufunikabe chifukwa cha chindoko ndi chinzonono. Vaseline ndi mafuta odzola amabowola kondomu. Chibwenzi chake chikakhala chopanda kachirombo, chikhoza kufunsa kuchipatala za PrEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge kachirombo, makamaka miyezi yoyamba vayilo lodi isanatsike. Ndipo asagawane mapiritsi ndi mnzake amene zamuthera. Mtima wothandiza ndi wabwino, koma onse awiri amaperewedwa mwezi usanathe. Amuperekeze mnzakeyo kukiliniki.

8. Konzekerani tsiku loipa

Kwa achinyamatawa tsiku loipa limabwera mwadzidzidzi: bambo aona uthenga pafoni, landilodi wamva mphekesera, munthu amene anakumana naye pa intaneti wayamba kufuna ndalama kuti asaulule. Amathawa usiku ndi zovala za m'thupi, botolo n'kutsala pansi pa matiresi. N'chifukwa chake kwa inu kuzikhala mapiritsi a sabata imodzi kapena ziwiri, amene muziwasinthanitsa ndi atsopano kuti asakhalitse, pamodzi ndi chithunzi cha buku lake chija. Adziwe pamtima nambala yanu ya foni ndi nambala yake ya ARV. Gwirizananinso za nyumba imene angagogode pakati pa usiku.

Akapezeka kutali, kiliniki ina iliyonse ya ma ARV ikhoza kumupatsa mankhwala ongomugwiriza akaonetsa buku kapena umboni woti amalandira. Ngati akusamukiratu, kaya ku Mzuzu, ku Chipata, ku Tete kapena ku Joni, atenge kalata yosamukira ndi mankhwala okwanira ulendo ndi miyezi yoyamba. Ambiri amathawira ku South Africa poti malamulo a kumeneko sawaletsa, koma kufika n'kupeza kiliniki, wopanda mapepala ndi chilankhulo, kumatenga nthawi.

Akamangidwa, pitani ndi mankhwala kupolisi tsiku lomwelo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa womangidwa ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Funani loya kudzera ku Legal Aid Bureau kapena mabungwe a zaufulu monga CEDEP ndi CHRR. Woopseza kuti aulula asapatsidwe ndalama, chifukwa amabweranso. Sungani mauthenga ake ndipo mufunse a zamalamulo musanapite kupolisi, kuti wodandaula asasanduke woimbidwa mlandu.

9. Yang'anani mtima wake

Nthawi zina mapiritsi ali pomwepo, nthawi ilipo, pobisa palipo, koma sakumwa. Akugona usana wonse, wasiya kusamba, wasiya anzake, kapena akunena kuti "bola kungofa". Kusiya mankhwala kwa munthu wotere kumakhala njira yodzitayira mwakachetechete. Mufunseni mosazungulira: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pafupi, botolo lalikulu likhale kwa inu, ndipo mupite naye kwa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Auzenso a kukiliniki ya ma ARV, poti kwa anthu ochepa mankhwala enieniwo amasokoneza tulo ndi maganizo.

Inu nokha simungakwanitse zonse. Mnzake mmodzi wonga iye, amene akumwa mankhwala ndipo moyo wake ukuyenda, amachita zimene azakhali sangathe. Muthandizeni kumupeza.

10. Akasiya, mubwezeni mosachititsa manyazi

Mwina adzasiya ndithu, kamodzi kapena kangapo. Chimene chimatalikitsa kusiyako ndi mantha okakalipiridwa pamzere n'kutchedwa difota, wothawa mankhwala. Mukazindikira, musafunse kuti "n'chifukwa chiyani wandichititsa manyazi?" Nenani kuti, "Chabwino, tipite liti? Mawa kapena Lachitatu?" Pitani naye, ndipo mawu oyamba kwa namwino muyankhule ndinu: "Tabwera kudzapitiriza, panali mavuto kunyumba."

Ena amathawira kukiliniki ina, kukayezetsa ngati atsopano ndi dzina lina. Ndikumvetsa chifukwa chake, ndipo kuli bwino kutero kusiyana ndi kukhala osamwa. Koma dokotala akapanda kudziwa kuti munthu anamwapo kale ndipo anasiya liti, sangamuyeze zoyenera. Kulikonse kumene apite, anene zoona za mankhwala, ngakhale zina zonse atabisa.

Amene wasiya miyezi ingapo apemphe kuyezedwa CD4, chiwerengero cha asilikali oteteza thupi m'magazi. Ikakhala pansi pa 200, amamuyezanso TB ndi matenda oumitsa khosi asanadwale. Ngati alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, adziwe kuti tenofovir wa m'piritsi lomweli ndi amene amawagoneka, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumatha kuwadzutsa mwamphamvu. Maso achikasu, mutu waukulu wosamva Panado, khosi louma, chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kutsegula m'mimba kwa masiku ambiri kapena kuonda msanga, zimenezi sizidikira tsiku lolembedwa m'buku. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo botolo lakale, ngakhale lili ndi mapiritsi otsala, mulinyamule kuti adokotala aone.